Mlandu wa Mtengo wa a Binwelo

Kodi mungaganize kuti mlimi wa mango wa mu Ufumu wa Tamvabwana amapempha chiyani akagwada pamaso pa mfumu yake? Feteleza? Ayi. Msewu wabwino wopita kumsika? Umenewo anasiya kalekale kuulota. Mankhwala opopera? Pitirizani kuganiza. Nkhani yake inayambira m'mudzi wa Dikiranibe, pa mtengo umodzi wa bambo wina dzina lake Binwelo.

Dziko la Tamvabwana ndi la mango. Kale ankachita kuwolera pansi mpaka nkhumba kumawalumpha. Koma kunabwera zaka zimene zokolola zinayamba kuchepa, ndipo m'mawa wina Mfumu Ndanenandanena Wachitatu itadula bango la pa kadzutsa, munatuluka mphutsi yonenepa imene inayang'ana Mfumu kumaso osagwada.

Tsiku lomwelo nduna zonse zinaitanidwa ku likulu la Pampando. Woyamba kuyankhula anali Olemekezeka a Kalawe, Nduna ya Zipatso ndi Mithunzi, amene anali atangobwera kumene kuchokera ku msonkhano wa kunja ndi chikwama chatsopano.

"Wawa, mwini dziko," anatero a Kalawe, "akatswiri apeza kuti kubereka kwa mango kumadalira maphunziro, kuyandikira kwa msika, ndiponso kuyenderedwa ndi alangizi pafupipafupi."

"Maphunziro a ndani?" inafunsa Mfumu.

"Pamenepo, Wawa, ndinali nditatuluka. Inali nthawi ya chakudya chamasana."

Mfumu inaganiza kwa kanthawi. "Amene amabereka ndani, mlimi kapena mtengo?"

"Mtengo, Wawa."

"Ndiye ophunzira akhale mitengo. Ndanena ndanena."

Nduna zonse zinawomba m'manja mpaka zikhatho kutentha.

Malamulo anatuluka sabata yomweyo. Aphunzitsi anachotsedwa m'makalasi n'kutumizidwa m'minda, kumene ankakhomera bolodi pa thunthu la mtengo n'kuyamba kuphunzitsa a, e, i, o, u. Ambiri anaikonda ntchitoyo, chifukwa ophunzira ake sankasokosa ndipo sankajomba. Nkhani ya msika sinavute n'komwe. Chikwangwani cha pamphambano chonena kuti msika wa Mawalomwe uli kutali chinazulidwa, ndipo anazikapo china cholembedwa kuti MWAFIKA KALE. Amayi osenza madengu ankachiwerenga n'kupitiriza ulendo mpaka dzuwa kufika pamutu.

"Vuto ndi miyendo yathuyi," ankatero. "Sinapite kusukulu."

Koma lamulo limene linagwira ntchito ndi mtima wonse linali la alangizi. Linakhazikitsidwa gulu lotchedwa Alangizi a Ulemu, loti liziyendera mtengo uliwonse kawirikawiri. Tsono ku Tamvabwana mlendo wa boma salowa m'munda ngati mbuzi. Mwambo umanena kuti alowere pa khomo lokongoletsedwa ndi nthambi zaziwisi, ndipo m'mwezi wa Julaye palibe nthambi yokongola kuposa ya mango yodzaza ndi maluwa. Choncho mlimi aliyense ankasadza mtengo wake kuti amange khomo la anthu obwera kudzauthandiza kubereka. Ankasesa masamba onse a pansi n'kuwatentha, kupaka thunthu laimu, ndi kuwawula ndi muuni zisa za nyerere zofiira zija zimene zimasoka masamba m'mitengo ya mango, kuti zisalume alendo. Chimkuzamawu ankachimangirira kunsonga, ndipo ng'oma zinkalira mpaka maluwa otsala kuyoyoka ngati ufa.

Timango tikayamba kuoneka, alangizi ankabweranso kudzawerenga. Kuwerenga bango lili m'mwamba n'kosadalirika, choncho ankayamba athyola. Bango lothyola silibwezeredwa pa nthambi, choncho mlangizi aliyense ankayenda ndi kapepala ka mchere ndi tsabola m'thumba. Sipanatenge nthawi anthu anaiwala dzina la gululo. Ankangoti Olawa.

Zokolola zinatsikiratsikira, ndipo boma linawonjezera alangizi.

Tsopano tifike kwa a Binwelo. Iwo anali mkamwini pa mudzi wa Dikiranibe, kwawo kunali kuseri kwa phiri. Mkamwini wanzeru sabzala mtengo pamalo a mkazi wake, chifukwa tsiku limene adzauzidwe kuti apinde mkeka, mtengo sudzakwera naye njinga. Koma a Binwelo, chaka chimene anakwatira a Nangozo, anabzala mbewu ya mango kuseri kwa nyumba, ndipo itakula anaimezanitsa ndi kanthambi kamene anachokera nako kwawo atakakulunga m'nsanza yonyowa. Alamu awo anaseka mpaka kugwira m'mimba. A Binwelo anangopitiriza kuthirira mtengo wawo. Pa mudzi wonsewo, nyumba inali ya akazi awo, munda wa akazi awo, ana a kuchikazi. Chawo chenicheni chinali njinga ndi mtengowo, ndipo pa ziwirizo chokhala ndi mizu chinali chimodzi.

Mtengowo unakula mokongola kotero kuti a Kalawe anausankha kukhala potsegulira Sabata Yolimbikitsa Mitengo. A Binwelo anasadza nthambi misozi ikulengeza, anasesa, anapaka laimu. Koma zisa za nyerere za kunsonga sanazifikire.

"Kwerani, bambo a Dolofe," anatero a Nangozo ali pansi, manja ali m'chiuno. "Mukufuna zilume bwana?"

"Zandiluma kale ine m'malo mwake. Kwerani inuyo, paja mudzi ndi wanu."

"Mudzi ndi wanga, koma mtengo mumati ndi wanu. Lero mwaukana?"

A Binwelo anatsika akudzikanda, ndipo zisazo zinatsala.

Tsiku la mwambo litafika, a Kalawe anaima pansi pa mtengo atavala suti yakuda ndipo anauyankhula kwa nthawi yaitali za kukonda dziko. Pomaliza anakweza ndodo yawo n'kumenya nthambi mwamphamvu.

"M'dzina la Mfumu, bereka!"

Mtengo unabereka nthawi yomweyo, koma osati mango. Nyerere zinatsika ngati mvula. A Kalawe anavula jekete. Anavula taye ndi malaya. Anapondaponda pansi, kulumpha, kudzimenya m'ntchafu, n'kuzungulira. Oimba ng'oma anaganiza kuti ndi gule watsopano wa ku likulu, ndipo anamutsatira mwaluso. Amayi analuluta. Pamene lamba anamasulidwa m'pamene anthu anazindikira kuti si gule, koma ena anapitirizabe kululuta, chifukwa nthungululu siima mwadzidzidzi.

Mtengo unaimbidwa mlandu woukira ufumu. Khoti linautumizira masamoni kangapo, koma sunapite, ndipo unawonjezeredwa mlandu wonyoza khoti. Pamapeto pake woweruza, a Mlanduwatha, anachita kubwera okha ndi tebulo lawo.

"Iwe woimbidwa mlandu, ukuvomera kapena ukukana?"

Kunali zii. Tsamba limodzi linagwera pa tebulo.

"Mwaona mwano? Ukundigenda. Kholo lake ndani?"

A Binwelo anagwada. "Ndine, bwana. Ndi mwana wofatsa. Chibadwire sanayambanepo ndi munthu."

"Unaphunzitsidwa ndi boma ulere. Unayenderedwa, unavinidwa, unapakidwa laimu. Wabereka chiyani zaka zonsezi?"

"Unkayesa, bwana, koma..."

"Palibe koma."

Chigamulo chinali chowawa. Mtengo ukhale m'ndende mpaka Mfumu idzaukhululukire, ndipo ukadzalakwanso, nkhwangwa. Popeza kundende ya ku Pampando kunalibe chitseko choti n'kulowa mtengo, ndende inabwera yokha. Anauzinga ndi waya waminga. Unalandidwa ufulu wonse wa mitengo yomvera: sukulu ayi, alangizi ayi, ng'oma ayi, laimu ayi. Pansi pake pasasesedwe, ugone pa zinyalala zake. Wogwira ntchito m'boma aliyense wodya chipatso cha chigawenga, nayenso ndi chigawenga. Achibale aziuona Lamulungu lokha, kuubweretsera chakudya, ndi kukataya chilichonse chimene wagwetsa, monga mmene zikhalira ndi chidebe cha mkaidi. Pa chipata anaikapo Sajeni Gonani ndi mfuti, ndipo ogenda mango ndi miyala anayamba kudzera njira ina.

A Binwelo anaonda ndi manyazi. Kumowa alamu awo sankawapatsa mpata.

"Alamu, mwana wanu akupeza bwanji kundende? Mwamupititsira sopo?"

"Tinanena ife. Mbewu za kuseri kwa phiri n'zaupandu."

Lamulungu lililonse iwo ankasenza ndowa ya madzi, a Nangozo dengu la manyowa. Sajeni Gonani ankapisa ndodo m'manyowamo kufufuza ngati munabisidwa mpeni, kenako n'kubwerera kukagona mu mthunzi wa mkaidi wake.

"Limba mtima, mwana wanga," ankanong'ona a Binwelo akusisita thunthu. "Zidzatha."

Koma mkaidi sankaoneka wovutika. Maluwa amene anapulumuka anagwira onse. Nyerere zinasoka zisa zatsopano n'kumalondera nthambi iliyonse, ndipo kantchentche kofuna kuboola bango sikankapeza potera. Pofika mwezi wa Novembala nthambi zinali zitawerama mpaka kukhudza waya.

Lamulungu lina a Nangozo anaimirira pa chipata n'kuyang'ana pansi, pamene mango akupsa anali mbwee.

"A Sajeni, zinyalala zonsezi tichite nazo chiyani?"

"Lamulo likuti mukataye, mayi. Ine musandiyandikize nazo. Ndili ndi ana."

"Titaye kuti?"

"Kutali."

Malo akutali kwambiri amene a Nangozo ankawadziwa anali msika wa Mawalomwe.

Chaka chimenecho mumsikamo munali chisoni. Amayi anayala timiyulu ta mango okwinyika, ofanana ndi zigongono. Mnzawo wa a Nangozo, a Felesiya, anali ndi mango oti n'kukwana m'chipewa. Ataona dengu likutsitsidwa, anaimirira.

"Amwali, awa mwaba dziko liti?"

"Ndikutaya zinyalala, anzanga. Wofuna kundithandiza kutaya aike kenakake m'mbalemu."

"A mkaidi uja? Wosaphunzira uja?" A Felesiya anatola bango limodzi n'kulinunkhiza. "Wanga wafika sitandade fayifi. Chaka chino wabereka satifiketi."

Anthu anaunjikana. Pakati pawo panatulukira a Supuni, wophika wa kunyumba ya Mfumu, amene anali atayenda misika yonse kufuna bango lopanda mphutsi. Sanafunse kanthu. Ananyamula theka la dengu n'kuliyatsa liwiro la ku Pampando.

Mfumu inadya mpaka madzi kutsikira m'zigongono. Itanyambita zala, inafunsa kuti mlimi wokhulupirika chotere ndani, kuti apatsidwe mendulo. A Supuni anabwerera kumsika kukafunsa, ndipo pobwera anaulula kuti mangowo ndi a mkaidi wa ku Dikiranibe.

Nduna zonse zinayang'anizana. Aliyense ankalikumbukira lamulo la wodya chipatso cha chigawenga, ndipo aliyense ankaona ulusi wa bango umene unali utakanirira pakati pa mano a Mfumu.

Amene anapulumutsa ufumu anali a Kalawe.

"Wawa, mwini dziko, pano palibe chigawenga. Mtengo uja unalapa kalekale. Zipatsozi ndi kupepesa kwake. Ndende imene inu munalamula mwanzeru yaukonza khalidwe. Chatsala n'kungoukhululukira, ndipo chikhululukirocho chiyambire dzana, musanadye."

Mfumu inakondwa. Inalamula kuti ikaumasula yokha, ndiponso kuti kuyambira tsiku limenelo udzatchedwa Mtengo wa Chitsanzo. Alangizi onse a m'dziko aziuyendera tsiku ndi tsiku, gulu lililonse ndi khomo lake la nthambi, kuti aphunzire chinsinsi chake.

Uthenga utafika ku Dikiranibe, a Binwelo anavina pabwalo.

"Mayi a Dolofe, mwana akutuluka! Alamu aja ndikawayang'ana m'maso."

A Nangozo anapitiriza kusankha nyemba. "Akutuluka, inde. Khomo la nthambi tsiku ndi tsiku. Nthambizo zichokera kuti, kumutu kwanu?"

A Binwelo anasiya kuvina, mwendo umodzi uli m'mwamba.

"Pofika Isitala mudzatsala ndi chitsa chopaka laimu," anatero a Nangozo. "Mudzachikweza pa njinga."

"Nanga tingakane chifundo cha Mfumu?"

"Chifundo sichikanidwa. Koma mwana wanu ndi wamwano, khoti linanena."

"Ukalakwanso ndi nkhwangwa, mayi!"

"Ndiye sankhani. Nkhwangwa ya tsiku limodzi, kapena zikwanje za tsiku lililonse."

A Binwelo anakhala pansi pakhonde ndipo sanadye tsiku limenelo.

Tsiku la chikhululukiro magalimoto anadzaza mudzi. Antchito a ku Pampando anafika ndi miuni kuti awawule nyerere, koma Sajeni Gonani anawaletsa. Mkaidi ndi mkaidi mpaka mawu atuluke pakamwa pa Mfumu, ndipo mkaidi salandira chithandizo cha boma. Mango akupsa nawo anali lendelende, chifukwa Lamulungu linali lisanafike.

Mfumu inalowa m'kati mwa waya itavala mkanjo woyera ndi chisoti chanthenga. Inaima patsinde, a Kalawe ali chapatali ndithu, ndipo inayankhula za mtima wake waukulu. Pomaliza inakweza dzanja.

"Iwe mtengo, ndakukhululukira. Ndiwe mfulu. Ndanena ndanena."

Pomwepo a Binwelo anafuula ndi mawu amene palibe anadziwa kuti ali nawo.

"Mwana wanga! Wamasulidwa, mwana wanga!"

Anathamanga, analumpha, n'kukolekera manja onse pa nthambi yaikulu ya m'munsi. Anaikumbatira, anaipsompsona, analendewera, anaigwedeza ndi chimwemwe chimene sichinkatha. Mpaka lero ku Dikiranibe amakanganabe ngati chinali chikondi chabe. Chodziwika n'chakuti bango loyamba linaphwanyikira pa chisoti, lachiwiri paphewa, ndipo otsatira sanadikire mzere. Kenako zinatsika nyerere.

Oimba ng'oma anali ataphunzirapo kanthu pa ulendo woyamba uja. Anaika ng'oma pansi n'kuyang'ana kumwamba. Amayi anatseka pakamwa ndi nsalu, mapewa okha akugwedezeka. Mfumu inavina popanda nyimbo.

"Nkhwangwa!" anakuwa a Kalawe. "Khoti linanena kale! Bweretsani nkhwangwa!"

Msilikali anathamangira ku galimoto n'kubwera nayo. A Binwelo anagwa pansi ngati thumba, pakamwa pali yasa. Msilikali analavulira m'manja n'kuyeza thunthu.

"Dulani, bwana!"

Anali a Nangozo. Anayenda chogwada mpaka pamapazi a Mfumu, imene inali itakulungidwa m'nsalu ya patebulo.

"Dulani msanga, Wawa, muuchitire chifundo kachiwiri. Ndende inauwawa mtengo umenewu. Ife tinkauona Lamulungu lililonse. Anzake akuimbiridwa nyimbo, iwo uli duu. Anzake avala laimu, iwo uli mbulanda. Unkachita kuwerama ndi manyazi mpaka nthambi kufika pansi. Lero wachita dala kuti muudule upumule. Ukudziwa kuti nkhwangwa imawawa kamphindi chabe."

Mfumu inasiya kudzikanda. "Ukufuna kupumula?"

"Ndi waulesi chibadwire, Wawa. Ngati mwini wake."

"Zoona, Wawa," anatero a Binwelo ali chigonere. "Tonse awiri."

"Ndiye ukuganiza kuti ungandipusitse ine?" Mfumu inatembenukira ku mtengo, maso ali psu. "Imitsa nkhwangwa! Iwe sufa lero. Ukhala m'ndende moyo wako wonse, ukugwira ntchito yakalavulagaga. Uzibereka chaka ndi chaka popanda wokuyamikira, popanda wokuvinira, popanda mlangizi ngakhale mmodzi. Wayayo mumuwonjezere. Ndanena ndanena!"

A Nangozo analira mokweza monga mwa mwambo, nkhope ataibisa m'nsalu. A Binwelo analira zenizeni.

Magalimoto atapita, alamu awo aakulu anabwera n'kukhala pafupi nawo pakhonde. Anakhosomola kangapo.

"Alamu, kodi mtengo umayamba bwanji kuukira? Wanga uja ndikuuona ngati uli ndi maganizo oipa."

Sabata yotsatira a Felesiya anakagwada kukhoti n'kuulula kuti mtengo wawo unatukwana Mfumu iwo akumva ndi makutu awo. Mnansi wawo anati wake umakana kuwerama galimoto ya nduna ikamadutsa. Wina anabwera ndi mboni zotsimikiza kuti mitengo yake yonse imachita misonkhano yachinsinsi kukamaomba mphepo. A Mlanduwatha anayendayenda ndi tebulo lawo mpaka linathyoka mwendo, ndipo waya waminga anasowa m'masitolo onse. Aphunzitsi anabwerera m'makalasi chifukwa ophunzira awo anali atamangidwa. Alangizi a Ulemu amayendabe ndi mchere m'matumba, koma amangoyang'ana kunja kwa waya n'kumeza malovu.

Chaka chotsatira a Kalawe anauza bwalo la nduna nkhani ziwiri, yoipa ndi yabwino. Zigawenga zachuluka kuposa kale lonse, ndipo mango achuluka kuposa kale lonse. Bwalo linasankha komiti yofufuza ngati nkhani ziwirizi zili pachibale, ndipo komitiyo ikukumanabe. A Supuni amabwera ku msika wa Mawalomwe Lolemba lililonse atatseka makutu ndi thonje, kuti asamve kumene mango a Mfumu achokera. A Binwelo akadali pa Dikiranibe. Mkeka wawo sunapindidwe, ndipo alamu awo amawatchula kuti bambo a mkaidi, mwaulemu.

Choncho mlimi wa mango wa ku Tamvabwana akagwada pamaso pa mfumu yake amapempha chinthu chimodzi chokha: kuti mtengo wake umangidwe moyo wake wonse.